Wailesi Yolankhulirana Ikakana Kuyaka

Wailesi ikati zii, ambiri a ife timathamangira kunena kuti yapsa. Mawu ameneŵa ali pafupi pakamwa, koma amawonongetsa chuma, pakuti wailesi imene yatchedwa yakupsa imaponyedwa pamwamba pa kabati n'kuiŵalika, kapena imaperekedwa kwa munthu amene chida chake chokha ndi sikuludiraiva, iye n'kuimasula ndi kuipha kwenikweni. Chikhalirecho, kaŵirikaŵiri wailesiyo imakhala ilibe chilema. Chavuta n'chakuti magetsi sakufika kumene ayenera kufika, ndipo chimene chawatsekereza panjira mwina ndi kachitsulo kochepa ngati chikhadabo.

Wailesi imene tikukamba pano si ija yomvera nyimbo ndi nkhani pakhonde madzulo. Iyi ndi yolankhulirana: imalandira mawu, imatumizanso mawu. Pa Chingerezi dzina lake ndi transceiver, ndipo ntchito ya anthu amene amalankhulana nayo chifukwa chongoikonda ndi kufuna kuphunzira, osayembekezerapo malipiro, imatchedwa amateur radio. Bungwe lawo la dziko lonse, International Amateur Radio Union, linakhazikitsidwa ku Paris mu 1925. Aliyense wa iwo amakhala ndi laisensi ndi dzina la pamlengalenga, la zilembo ndi manambala, limene chiyambi chake chimaulula dziko lake: a ku Malaŵi amayamba ndi 7Q, a ku Zambia 9J, a ku Mozambique C9, a ku Zimbabwe Z2. Kuno kwathu chilolezocho chimachokera ku bungwe la MACRA. Ndi wailesi ya mawati 100 ndi waya womangidwa pakati pa mitengo iŵiri, munthu ali ku Ntcheu angathe kucheza ndi mnzake wa ku Japan popanda foni kapena intaneti. Ndipotu si kucheza kokha ayi. Pamene chigumula cha tsunami chinasesa zilumba za Andaman pa 26 Disembala 2004, anthu a amateur radio amene anali ku Port Blair anathandiza kutumiza mauthenga mafoni atafa. Tsiku lotero, mwini wailesi amene sadziŵa kulondola magetsi ake amangokhala manja ali m'khosi, bokosi lili pathebulo.

Tiyambe ndi kudziŵa chimene wailesiyi imadya. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230, ndipo amayenda mosinthasintha mbali. Mawailesi ambiri olankhulirana a masiku ano sadya magetsi otere. Amafuna oyenda mbali imodzi, onga a batire, a mavolti 13.8. Nambala yooneka yachilendoyi inachokera kugalimoto, pakuti ndi pafupifupi mlingo umene batire la mavolti 12 limaonetsa injini ikamalira ndi kulitchaja. Motero pakati pa soketi ya pakhoma ndi wailesi pamakhala bokosi lotsitsa ndi kuwongola magetsi, limene amisiri amalitcha power supply. Ife tingoti sapulayi.

Mavolti okha sakwanira kufotokoza nkhani yonse. Ana a sukulu amaphunzira kufanizira magetsi ndi madzi a mumpope, ndipo fanizoli ndi labwino ndithu: mavolti ndiwo mphamvu yokankha madzi, maampu ndiwo kuchuluka kwa madzi amene akudutsa, pamene ohm ndiye muyeso wa kupanikiza kwa paipi. Tsono wailesi yolankhulirana imadya mosiyana kwambiri pomvetsera ndi polankhula. Titenge chitsanzo cha Icom IC-7300, imene inafika pamsika mu 2016 ndipo yafala m'maiko ambiri. Ikamangomvetsera imakoka ampu imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mukangofinya batani la maikolofoni n'kutumiza ndi mphamvu zake zonse, imakoka mpaka maampu 21. Opanga ake amati mavolti 13.8 aja angathe kukwera kapena kutsika ndi magawo 15 pa 100 alionse, ndiye kuti kuyambira pa 11.7 kufikira pa 15.9. Sungani manambala ameneŵa, pakuti tiwafuna posachedwapa.

Tsono wailesi yakana kuyaka. Musanagwire chida chilichonse, funsani mafunso monga amachitira dokotala asanalembe mankhwala. Kodi inafa ili kumvetsera, kapena pamene munthu anayamba kulankhula? Kodi usiku kunagwa mvula ya mphezi? Kodi wina anachotsa mawaya pabatire n'kuwabwezera? Nunkhizaninso kumbuyo kwa wailesi ndi kwa sapulayi. Fungo la pulasitiki wopsa likamveka, chotsani zonse kumagetsi, musayesenso kuyatsa.

Ulendo umayambira pakhoma. Lumikizani nyale m'soketi momwemo kuti muone ngati muli magetsi. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno ili ndi fyuzi yake mkati, ndipo anthu ambiri amaiiŵala. Kuchoka apo mufike pa sapulayi. Ku America magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 120, ndipo masapulayi ena ali ndi kaswichi kumbuyo kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali inayo. Wolandira sapulayi kuchokera kunja ayenera kuyang'ana kaswichi kameneko asanailumikize, chifukwa kakakhala pa 115 magetsi athu amaiphulitsa nthaŵi yomweyo.

Chotsani wailesi kuti sapulayi ikhale payokha, ndipo muyeze pa zomangira zake ziŵiri, chofiira ndi chakuda. Chida choyezera ndi multimeter, imene amisiri amangoti mita. Iikeni pa mavolti a DC. Mita ikaonetsa 13.8 kapena pafupi pamenepo, pitirizani ulendo. Ikaonetsa 0, mlandu uli m'sapulayi, ndipo wailesi isiyeni kaye. Koma choopsa koposa ndi pamene mita yaonetsa mavolti 20 kapena kuposerapo. Masapulayi olemera aja, a tiransifoma yaikulu mkati, amayamba apanga mavolti oposa 20, kenaka matiranzisita amawatsitsa kufika pa 13.8. Tiranzisita imodzi ikapsa n'kugwirana mkati, mavolti onsewo amadutsa osatsitsidwa. Masapulayi abwino a mtundu umenewu ali ndi mlonda wotchedwa crowbar, amene amagwetsa magetsi dala mavolti akakwera mopitirira muyeso. Nthaŵi zina mlondayu amachita phuma popanda chifukwa chenicheni, ndipo kuzimitsa sapulayi kwa kanthaŵi n'kuiyatsanso kumamutsitsa mtima. Koma akabwereza, pali chimene akuona, ndipo sapulayi yotero isalumikizidwe ku wailesi ina poyesera. Ambiri ataya mawailesi aŵiri tsiku limodzi mwa njira imeneyi.

Njira yachidule yolekanitsira mlandu ndi batire la galimoto lotchajidwa bwino. Lumikizani wailesi kubatire, podzera pa fyuzi, chofiira ku + ndi chakuda ku −. Ikayaka, wailesi yapezeka yosalakwa. Batire nalonso liyezedwe: litapuma kwa maola angapo, lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 kapena 12.7, la theka pafupifupi 12.2, ndipo lotsika kupyola 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Luso loyendetsa wailesi ndi batire kapena sola si la kumudzi kokha. Pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo a m'tauni omwe anadziŵa kufunika kwa batire.

Komatu pagona nkhani ndi apa. Pali wailesi imene imayaka bwinobwino, nkhope yake n'kuŵala, mawu a kutali n'kumamveka, koma mukangofinya maikolofoni imaphethira, kuzima, kenaka n'kudziyatsanso yokha. Mwini wake amatenga mita, kuyeza kumapeto kwa waya, n'kupeza mavolti 13.8 osasoŵa kanthu. Apo amatsimikiza kuti magetsi ali bwino, chavuta ndi wailesi, ndipo amayamba kumasula zomangira. Mita sinamunamize, koma waifunsa funso lolakwika. Mita imakoka magetsi ochepetsetsa, kotero kuti ngakhale mfundo yodzala dzimbiri imawalola kudutsa. Zili ngati mpope umene paipi yake yatsekeka ndi matope: ukakhala wotseka, mphamvu ya madzi imaoneka yokwanira, koma mukautsegula kuti mudzaze chidebe, madzi amangodontha.

Amene anamasulira chinsinsi chimenechi ndi Georg Ohm, Mjeremani amene anali mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ku Cologne, ndipo lamulo lake linasindikizidwa mu 1827. Lamuloli limati mavolti otayika pamalo ena alionse amapezeka pochulukitsa maampu odutsa ndi maohm a malowo. Tiyerekeze kuti chogwirira fyuzi chachita dzimbiri pang'ono, ndipo chikupanikiza magetsi ndi 0.1 ohm. Wailesi ikamamvetsera n'kukoka ampu imodzi, mavolti otayika ndi 0.1, palibe angazindikire. Ikayamba kutumiza n'kukoka maampu 20, otayika amakhala mavolti 2. Chotsani 2 pa 13.8, patsala 11.8, pamene malire aja tinasunga ndi 11.7. Wailesi ili m'mphepete mwa phompho. Ngati ikudya kubatire la mavolti 12.4, kumene kwafika 10.4, ndipo kakompyuta ka mkati mwake kamazima n'kuyambanso, ndiye kuphethira kuja. Mavolti otayikawo sangosoŵa chabe. Amasanduka kutentha: mavolti 2 kuchulukitsa ndi maampu 20 ndi mawati 40, onse ataunjikana pa kachitsulo kamodzi. N'chifukwa chake zogwirira fyuzi zimapezeka zitasungunuka pamene fyuzi yeniyeniyo ili yamoyo.

Aphunzitsi a sayansi amene amasoŵa chitsanzo chogwirika cha lamulo la Ohm angathe kubwereka chimenechi, pakuti mwana amene waona 0.1 ikuzimitsa wailesi sadzaiŵalanso kuchulukitsa ndi desimali.

Nanga mfundo yotereyi tingaipeze bwanji? Kuyeza maohm ake mwachindunji sikuthandiza, chifukwa mawaya a mita yotchipa pa okha amakhala ndi maohm oposa amene tikufunafuna. Njira yake ndiyo kuyeza mavolti pamene wailesi ikugwira ntchito yolemetsa. Chotsani eriyo, m'malo mwake muike dummy load, chimene ndi chida cha maohm 50 chomeza mphamvu ya wailesi kuti isapite mumlengalenga n'kusokoneza ena. Sankhani katumizidwe ka FM kapena CW, chifukwa pa SSB maampu amakwera ndi kutsika molingana ndi mawu a wolankhula, mita n'kumangovina. Yambani ndi mphamvu yochepa, monga mawati 10, n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo musatumize nthaŵi yaitali. Mnzanu afinye maikolofoni pamene inu mukuyeza pa zomangira za sapulayi. Mavolti akagwa pomwepo, sapulayi kapena batire ndilo lofooka. Akapanda kugwa pamenepo koma n'kugwa pamene waya akuloŵera m'wailesi, vuto lili pakati. Tsono ikani nsonga imodzi ya mita mbali ino ya fyuzi, inzake mbali inayo, muŵerenge mavolti amene akutsalira pa fyuzi yokhayo. Chitani chimodzimodzi pa mfundo iliyonse, pa waya wofiira ndi wakuda yemwe, pakuti wakuda amanyamula maampu omwewo pobwerera ndipo anthu amamuiŵala. Mfundo yabwino imaonetsa pafupifupi 0. Imene yaonetsa theka la volti kapena kuposerapo ndiye mbala yathu. Mukazimitsa zonse n'kuigwira ndi chala, mudzaipeza yofunda. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kuyeza kotereku kumatha mphindi makumi aŵiri, ndipo mankhwala ake mwina ndi kupala dzimbiri, kufinya timano ta chogwirira fyuzi ndi pulayazi, kapena kugula china.

Waya nayenso ali ndi maohm ake. Waya wa kopa wa 1.5 mm², wa mtundu umene umayendetsa nyale za m'nyumba, akatalika mamita 3 kupita ndi mamita 3 kubwerera amataya mavolti pafupifupi 1.4 pa maampu 20. Wa 6 mm² pa utali womwewo amataya 0.35 chabe. Amene amalumikiza waya wa wailesi ndi chidutswa cha nthambo ya ayironi kuti afike pabatire lili kuseri kwa chitseko amadzipangira yekha vutoli. Soketi yoyatsira fodya ya m'galimoto nayonso siinapangidwire maampu 20.

Pali kachilendo kena koyenera kukatchula. Wailesi ikamagwira bwino pa dummy load koma n'kumazima mukabwezera eriyo, magetsi alibe mlandu. Mphamvu yotumizidwa ikubwerera m'nyumba kudzera kunja kwa chingwe cha eriyo n'kusokoneza sapulayi kapena wailesi yomwe. Pamenepo kakonzeni eriyo ndi chingwe chake.

Tibwere tsopano ku fyuzi imene yapsadi. Mawaya a mawailesi a mawati 100 amakhala ndi mafyuzi a maampu 20, 25 kapena 30, malinga ndi mtundu wa wailesi, ndipo ambiri amakhala nawo pa waya wofiira ndi wakuda yemwe. Musakhulupirire maso okha, iyezeni ndi mita, pakuti kawaya kake kamatha kuduka kumapeto kobisika. Fyuzi yagalasi imasimbanso mmene inafera. Kawaya kakangoduka pakati galasi lili mbee, inalemedwa pang'onopang'ono kapena inangokalamba. Galasi likada bii, magetsi anadutsa mwaukali nthaŵi imodzi, ndiye kuti penapake pagwirana. Ikani ina ya mlingo womwewo, kamodzi kokha. Ikapsanso, lekani. Chizoloŵezi chokulunga fyuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kapena kuikapo msomali, n'choipa kwambiri, ndipo sindichipezera chifukwa chochikhululukira. Batire la galimoto limatha kutulutsa maampu mazana angapo mawaya akagwirana. Fyuzi ikachotsedwa, waya yense amasanduka fyuzi, amafiira ngati khala, ndipo denga laudzu kapena mpando wa galimoto suchedwa kuyaka.

Pofuna kudziŵa ngati pagwiranadi popanda kutha mafyuzi, amisiri amagwiritsa ntchito babu la galimoto la mawati 21. Lilumikizeni pamalo pa fyuzi ya waya wofiira, wailesi ili yozimitsa. Wailesi ikakhala bwino, babu limangothwanima kamodzi n'kuzima. Likayaka ngwee osaleka, magetsi apeza njira yachidule, ndipo babulo likuwaletsa kuwononga zina. Zulani pulagi ya kumbuyo kwa wailesi: babu likakhalabe loyaka, pagwirana m'waya momwemo, likazima, pagwirana m'wailesi.

Apa funso lija lakuti kodi wina anachotsa mawaya pabatire limabweranso. Mawailesi ambiri ali ndi diode pafupi ndi poloŵera magetsi, imene ntchito yake ndi imodzi yokha. Mawaya akalumikizidwa bwino, imangokhala phee. Munthu akasemphanitsa, chofiira ku − ndi chakuda ku +, monga zimachitikira mumdima kapena mwaphuma, diode imatsegula njira kuti fyuzi ipse msanga magetsi otembenukawo asanafike mkati. Pochita zimenezi kaŵirikaŵiri nayo imafa, n'kukhala yogwirana mpaka kale, ndipo fyuzi iliyonse yatsopano imapsa ngakhale mawaya akonzedwa. Mwini wake amaganiza kuti wailesi yonse yapita, pamene chafa ndi kachipangizo kotsika mtengo kamene kagwira ntchito yake mokhulupirika. Diode yakufayo ikachotsedwa wailesi imayaka, koma musaisiye choncho; ikanipo ina, chifukwa tsiku lina dzanja lidzasemphanitsanso. Diode ikapezeka ili bwino, okayikiridwa ena ndi matiranzisita akuluakulu otumizira mawu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wokhala ndi buku la kakonzedwe ka wailesiyo.

Kwatsala wailesi imene mavolti 13.8 akufika pakhomo pake, fyuzi sikupsa, koma batani loyatsira silikuyankha. Zulani waya wa magetsi, dikirani mphindi zingapo, mubwezere. M'mawailesi a masiku ano batani limeneli silidutsa magetsi onse monga swichi ya nyale. Limangouza kakompyuta ka mkati kuti katsegule, ndipo kakompyutako kakasokonezeka kamafuna kupumitsidwa. Zulaninso maikolofoni, chingwe cha kompyuta ndi zina zonse zolumikizidwa, chifukwa chimodzi cha izo chikagwirana chingathe kugwetsa magetsi a mkati. Mawailesi ena, IC-7300 yomwe ija, ali ndi fyuzi ina yaing'ono mkati mwa bokosi, yoteteza mbali zonse kupatula yotumizira mawu. Ikani khutu pafupi pofinya batani. Mukamva relay ikuti tha koma nkhope ya wailesi ili bii, magetsi aloŵa ndipo vuto lili patsogolo; mukapanda kumva kanthu, liri pa batani, pa fyuzi ya mkatiyo, kapena pa kachipangizo kodyetsa kakompyuta. Buku la wailesi limafotokozanso njira ya reset, koma dziŵani kuti imafufuta zonse zimene munasunga.

Mukatsegula chivindikiro, yambani ndi maso ndi tochi. Nyerere, mphemvu ndi nalimata zimakonda malo ofunda, ndipo nalimata wouma atapingasa pa timizere tiŵiri ta magetsi si chinthu chachilendo kwa okonza mawailesi kuno. Makapasita otupa pamutu, madontho obiriŵira a dzimbiri la nyengo ya dzinja, ndi mtovu wong'aluka mozungulira miyendo ya pulagi ya magetsi, zonsezi zimaoneka popanda mita.

Koma pali mabokosi aŵiri amene wophunzira sayenera kuwatsegula yekha. Loyamba ndi sapulayi yopepuka ija ya mtundu wa switching. Mkati mwake magetsi a pakhoma amawongoledwa n'kusungidwa m'makapasita pa mavolti pafupifupi 325, ndipo amatha kukhalamo ngakhale pulagi yazulidwa. Lachiŵiri ndi mawailesi akale a mavavu, monga Yaesu FT-101 ndi Kenwood TS-520 a m'zaka za m'ma 1970, amene ambiri akugwirabe ntchito. Ameneŵa amalumikizidwa molunjika kukhoma, ndipo mkati mwawo muli mavolti kuyambira 600 kupita m'tsogolo. Mavolti 13.8 angakutentheni chala ngati mphete kapena wotchi yagwiranitsa mawaya, n'chifukwa chake muzivule musanayambe ntchito. Koma mavolti 600 amaimitsa mtima. Safunsa anadya phula. Pitani kwa mmisiri wodziŵa kukhuthula makapasita, ndipo mukhale pambali pake kuti muone mmene akuchitira.

Mphezi nayo isaiŵalike. Siyenera kugwera pa eriyo penipeni kuti iwononge. Ikagwa chapafupi, waya wautali uja amatola mphamvu yokwanira kupsereza zamkati, ndipo ina imaloŵera kunthambo za magetsi. Kuzimitsa batani sikuteteza kanthu. Mitambo ikayamba kuda, zulani chingwe cha eriyo n'kuchiika kutali ndi wailesi, muzulenso pulagi pakhoma, ndipo muchite zimenezi mvula isanafike pamutu.

Vuto likapezeka n'kukonzedwa, musathamangire kubwezera eriyo. Yatsani wailesi imvetsere kwa kanthaŵi. Kenaka, dummy load ili pomwepo ndipo mita ili pakhomo pa wailesi, kwezani mphamvu kuchokera pa mawati 10 kufikira 100, maso ali pa mita. Mavolti asagwe kuposa theka la volti kapena pafupi pamenepo. Lembani m'kope manambala aŵiri, wa pomvetsera ndi wa potumiza, pamodzi ndi tsiku. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi yezaninso, makamaka dzinja likangotha. Nambala yachiŵiri ikayamba kutsika, kayang'aneni zogwirira fyuzi.